Mulu wotsiriza wa a Mphuno

Lolemba, 3 Juni

Kope ili ndi la bambo, amuna anga, la kuntchito, linatsala ndi mapepala ambiri osalemba. Zilembo zanga n'zopindikapindika, mizere imakwera phiri. Sukulu ndinalekera kalasi yachinayi, mawu ena ndiziwaphonya. Palibe amene adzawerenge, komabe ndapepesa, poti kopeli linazolowera dzanja labwino.

Ndikulemba chifukwa ndilibe womuuza. Womuuza alipo, ali pampando apo pafupi ndi zenera, koma sayankha. Miyezi isanu chiwagwereni sitiroko. Dzanja lamanja, mwendo wamanja, ndi mawu, zonse zinapita tsiku limodzi. Kumva amamva. Chatsala ndi maso ndi dzanja lamanzere.

Lero kuntchito kwavuta. Nkhani ya ndudu zakuda.

Ndilembe bwino, mwina mutu upepuka. Ife timapanga ndudu zikuluzikulu za masamba okhaokha, zopanda pepala, zimene ogula amati sigala. Ine ndimasankha tsamba lakunja, lokutira, limene timati malaya. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi patebulo lomwelo, pansi pa zenera lomwelo. Bambo anali ovundika fodya ndiponso olawa. Kuntchito palibe amawatchula dzina lina, aliyense amati a Mphuno.

Mulu wotsiriza umene anavundika asanagwe ndiwo watulutsa malaya a ndudu zakudazi. Abwana anati zituluke ndi dzina lawo. A Mphuno, zilembo zagolide, pa kalamba ka pepala kozungulira ndudu iliyonse. Ogula akubwera pa 28. Chimvereni zimenezo ndinkayenda ngati ndavala nsapato zatsopano.

Ndiye lero wolawa watsopano walawa. Munthu wamasukulu, timamuti a Fomu poti chilichonse amalemba pa fomu. Watuluka m'chipinda cholawira nkhope itagwa. Akuti koyambirira ndudu ili bwino, pakati ikuluma. Akuti zisapite.

Ndudu zikakanidwa amaziponya m'makina, kuziduladula, kukagulitsa kwa opanga fodya wa m'kaliwo. Zopanda dzina.

Tsamba limene ndinagwira ndinaling'amba osadziwa.

A Wayilesi, mnzanga wa patebulo, anandinong'oneza, koma kunong'ona kwawo kumamveka mpaka kugeti: "Ameneyo akufuna mpando, kuti aziti a Mphuno anali atatha kale."

Kunyumba bambo sindinawauze. Ndawameta ndevu, ndawasintha malaya. Anandiyang'ana kwambiri. Mwina nkhope yanga imalemba yokha.

Lachiwiri, 4 Juni

Abwana anandiitana ku ofesi nthawi ya tiyi. Panjira ndinali nditadzichotsa kale ntchito kawiri.

Si zimenezo. Anatulutsa kabokosi kathabwa, ndudu ziwiri m'kati. Anati, "Pakati pa fomu ndi mphuno yakale, ine nditsata mphuno. Apatseni anunkhize. Akavomera, zipita. Akakana, tiduladula." Ndinati adokotala analetsa, asadzakokenso utsi. Anati, "Asasute iwo. Wina asute pafupi, iwo amve."

Wina ndani? Kunyumba kuli ine ndi alamu, achemwali awo aakulu, amene amakhala nawo masana ine ndikapita kuntchito. Alamu fodya amadana naye ngati njoka. Tsiku loyamba kuchipatala anandiuza pamaso pa anamwino: "Utsi wanuwo ndiwo wandigwetsera achimwene." Ndiye wina ameneyo ndine. Zaka zonsezi kugwira fodya tsiku ndi tsiku, sindinaikepo pakamwa.

M'basi kabokosi kanali pachifuwa, m'kati mwa juzi, kuopa kuphwanyidwa. Mayi wina pafupi nane ankangondiyang'ana, mwina ankati ndabisa mwana wa mphaka.

Ndaziona bwinobwino kukhitchini. Kukongola. Zakuda ngati khofi wopanda mkaka, zonyezimira ngati zadzozedwa. Kutalika chikhatho changa, kunenepa ngati chala chachikulu cha bambo. Msoko suoneka. Malaya amenewo ndinasankha ndekha mu Epulo. Ndinkatola akuda bii okhaokha, ena onse pambali, kuti ndudu za bambo zikongole kuposa zonse zimene zinatulukapo pa geti lija.

Chinthu chokongola chonchi chingalume bwanji?

Nkhawa zanga. Ndikasanza pamaso pawo? Utsi ukawabweretsera ina sitiroko? Adokotala anati asakoke, sananene za kununkhiza, koma sindinafunse. Nanga ngati mphuno nayonso inapita limodzi ndi mawu, ine osadziwa? Imeneyo ndiye ikundiopsa. Munthu akhale pamenepo, ndudu ya mulu wake ikufuka, iye osamva kanthu, ine ndikuona.

Ndabisa kabokosi m'kabati, pakati pa nsalu zapabedi. Loweruka alamu amapita kwawo kukachapa. Loweruka.

Lachinayi, 6 Juni

Mphuno ilipo. M'mawa ndinatsegula kabati kutenga thawulo, bambo ali pabedi chagada. Mphuno inagwedezeka. Maso pa kabati, kenako pa ine. Ndinatseka msanga ngati ndagwidwa ndikuba shuga.

Tsiku lonse ndakhala ndikukumbuka kulongolola kwawo. Kale akaweruka ankayambira pakhomo, nsapato asanavule. Ndudu iliyonse kwa iwo inali munthu. "Lero ndalawa mkazi wamwano koma wodziwa kuphika." Tsiku lina: "Iyi ndi mlendo wobwera kudzacheza osanena tsiku lochoka." Ine ndinkati takhalani chete, bambo, ndimve nkhani pa wayilesi. Ndinkati choncho ine. Tsopano wayilesi ndimaizimitsa, mwina atsokomole ndimve mawu awo m'kati mwa chifuwa.

Pali chimene sindinauze munthu. Ndichilembe pano.

Fodya wa malaya akuda amavundikidwa. Masamba amawazidwa madzi, kuunjikidwa mulu wofika pachifuwa, kufunditsidwa masaka. Mulu umatentha wokha m'kati. Bambo ankalowetsa chitsulo chachitali pakati, kudikira, kuchisolola, kuchigunditsa patsaya. Chikawotcha tsaya, tsiku lomwelo mulu uphwasulidwe, zam'kati zibwere kunja, zakunja zilowe m'kati. Ukachedwa, pakati pamapsa. Chipinda chovundikira kiyi wake ankakhala m'thumba mwawo. Sankalola munthu kugwira mulu iwo palibe.

Mu Januwale mutu unawagwira. Dzanja dzanzi, kapu kugwa. Lachitatu anadzuka n'kunena kuti lero ndi tsiku lotembenuza. Ndinati simupita. Anati ndipita. Ndinabisa nsapato zawo, ziwiri zonse zakuntchito ndi zoyendera, mu uvuni. Ndinakhoma chitseko, kupita kuntchito, kunena kuti a Mphuno adwala pang'ono, abwera mawa. Za kutembenuza sindinatchule. Ndinkaopa kuti abwana atumiza galimoto kudzawatenga. Lachinayi chimodzimodzi. Lachisanu chimodzimodzi.

Loweruka anazipeza. "Nsapato mu uvuni, mayi? Mufuna ndidye ndi chiyani?" Anaseka, anavala, anapita. Mulu anautembenuza masiku atatu atadutsa. Madzulo ake anabwera chete. Sanatchule munthu aliyense, ngakhale mkazi wamwano uja. Anangosamba m'manja nthawi yaitali. Lachiwiri lotsatira anagwa pabafa.

Kuchipatala sindinawatengere masiku atatu aja. Ndinkangowatsekera ngati nkhuku. Nzeru zanga zinathera pa uvuni.

Ndiye a Fomu akati pakati ikuluma, ine ndimamva kuti akunena ine.

Koma mwina sizinapse. Mwina masiku atatu si kanthu, kunali kozizira sabata imeneyo, ndikukumbuka kunkagwa mvula. Kapena mvulayo inali sabata yotsatira. Sindikukumbuka.

Loweruka, 8 Juni

Ndasuta.

Alamu ananyamuka titadya masana. Ndinawatulutsa bambo pakhonde lakuseri, bulangete pamiyendo, mpando chapambali kuti utsi uziwadutsa pang'ono chabe. Ndinabweretsa kabokosi, kampeni kawo kodulira, machesi aataliatali, kambale. Ndinawauza zonse, za a Fomu, za abwana, za dzina lagolide. Za nsapato ayi.

Anatambasula dzanja lamanzere. Ndinawapatsa imodzi. Anaifinya pang'onopang'ono kuyambira kumutu mpaka kumunsi, kufuna pofewa. Anaigubuduza pafupi ndi khutu. Kenako pamphuno, maso otseka, nthawi yaitali. Nkhope imeneyo sindinaione chiyambire Januwale. Nkhope ya munthu amene ali pantchito.

Podula mutu ndinafuna kudula kwambiri, anandimenya ndi chala padzanja. Pang'ono chabe, ngati kuwenga chikhadabo. Poyatsa ndinailowetsa m'moto ngati chikuni, anandimenyanso. Moto uzikhala pansi osakhudza, ndudu izizungulira, mpaka mkombero wonse ufiire. Machesi anayi.

Ndinakoka ngati munthu waludzu, utsi wonse pachifuwa. Kutsokomola, misozi, mamina. M'kati mwa zimenezo ndinamva phokoso lachilendo. Bambo akuseka. Theka la nkhope, mawu ngati chitseko chadzimbiri, koma kuseka. Ndinafuna kumezanso utsi dala kuti asekenso.

Analoza tsaya lawo, kulifufumitsa, kutulutsa mpweya. Utsi ukhale m'kamwa, osameza. Kukoka kamodzi, kudikira, kudikirabe, kenako kukokanso. Ndikafulumira, chala padzanja.

Olawa amagawa ndudu patatu, ndinkawamva akutero. Ndiye ndilembe monga iwo.

Koyambirira. Kukoka kofewa, kosavuta, ngati kumwa mkaka ndi kapaipi. Utsi wambiri, woyera, wolemera, sufulumira kuchoka. Palilime khofi. Kenako shuga wopserera pansi pa poto. Kenako lamba wachikopa watsopano. Tsabola pang'ono kukhosi, wosapweteka. Moto ukuyenda molingana mbali zonse. Phulusa lotuwa, lolimba, linafika utali wa theka la chala osagwa. Chilichonse ndinkanena mokweza. Ndinati, bambo, uyu ndi mlendo wa suti, wodziwa kupereka moni, wosakhala pansi asanauzidwe. Anagwedeza mutu kawiri, maso otseka, mphuno ikutsata utsi. Dzanja lawo linali pabondo langa. Sindikudziwa linafika liti.

Mutu unkazungulira koma sindinafune kuti ithe. Ndinkati mumtima, a Fomu ananama, a Wayilesi ananena zoona. Ndinkaona kale bokosi lotsegula, mizere ya ndudu, dzina lawo pa iliyonse.

Pakati. Iwo ndiwo anayamba kumva. Maso anatseguka ine ndisanamve kanthu. Dzanja linachoka pabondo. Ndinakokanso. Kuluma kumbuyo kwa mphuno, ngati ukavundukula ndowa ya matewera ogonera. Lilime kuuma. Kuwawa kwa piritsi losungunukira m'kamwa. Moto unayamba kuthamanga mbali imodzi, malaya anang'ambika pafupi ndi mtsempha. Phulusa lakuda, logumuka, linagwera pa siketi.

Ndinapitiriza kunena zabwino. Ndinati khofi wangowonjeza mphamvu. Ndinati mwina ndi pakamwa panga posazolowera. Ndinati tiyeni tidikire, mwina kumapeto ibwerera.

Anatambasula dzanja. Ndinaganiza akufuna kununkhiza pafupi, ndinawapatsa. Anaiyang'ana, anaitembenuza, n'kuikanikiza m'kambale, kuipotokola mpaka kuphwanyika.

Kwa olawa, ndudu yabwino siizimitsidwa. Umaigoneka m'mbale, imafa yokha. Zaka zonse ndakhala nawo ndinawaona akuphwanya kawiri kokha, ndipo kawiri konseko katundu yense anapita kumakina.

Kwa aneba wina ankakhoma msomali. Kambale kakufukabe pang'ono pakati pathu. Bambo anali kuyang'ana dzanja lawo lamanja, lakufalo, ngati akulifunsa.

Ndinakasanza kubafa. Ndinatsuka kambale, kusesa pakhonde, kusintha siketi. Alamu atangolowa: "Alamu, mwayamba liti? Ukalamba uno?" Ndinati ndi za kuntchito. Anati, "Ntchito yanuyo idzakugonekani bedi limodzi nonse awiri, ine ndidzatopa."

Lamulungu, 9 Juni

Mutu. Pakamwa ngati ndatafuna chikwama.

Bambo akungoyang'ana pazenera. Ndinawayatsira wayilesi, anatseka maso.

Ndani anaona? Ine ndekha. Anaseka, anagwedeza mutu kawiri. Zimenezo zinachitikadi. Ogula ambiri amasuta akucheza, akumwa, ndani amafika pakati akumvetsera? Zaka makumi atatu munthu kupuma fumbi la fodya, chimene atsale nacho chikhale zinyenyeswa za m'kaliwo?

Mawa abwana afunsa. Yankho ndalikonza kasanu, kasanu konse losiyana.

Lolemba, 10 Juni

Ndanama.

Abwana anandidikira pageti penipeni. "Ati bwanji mkuluyo?" Ndinati anaseka, anagwedeza mutu. Anafunsa, "Mpaka kumapeto?" Ndinati mpaka kumapeto. Mawu anatuluka osalala ngati ndimanama tsiku ndi tsiku.

Pomwepo anaimba foni kwa osindikiza, malamba a dzina aja afike Lachisanu. A Wayilesi anavina ndi mapewa ali chikhalire: "A Fomu, tengani fomu ina mulembe kuti mwalephera mayeso." Chipinda chonse kuseka. A Fomu anangowerama pa mapepala awo.

Masana tinakumana pampopi, ndikutsuka kapu. Anati, "Mayi, ine a Mphuno ndiwo anandiphunzitsa kugwira machesi. Ngati iwo avomera, ndiye kuti lilime langali ndi lodwala, ndikalipimitse." Sanali kunyoza. Akananyoza bola.

Madzulo ndinawauza bambo. Ndinakhala pamphepete pa bedi, kuwagwira dzanja, mawu ndinawakometsa. Ndinati zipita, dzina lanu lilembedwa ndi golide, ogula akaliwerenga kutali kumene sitidzafikako. Anandiyang'ana. Nthawi yaitali, osaphethira. Kenako anasolola dzanja lawo, pang'onopang'ono, n'kutembenuzira nkhope kukhoma.

Supu ndinaphika imene amaikonda. Supuni pamlomo, pakamwa anatseka. Ndinayesa kanayi. Alamu anali asanachoke, anatenga supuni, bambo anatsegula. Mbale yonse.

Alamu potuluka: "Mwawalakwira chiyani achimwene anga?" Ndinati sindikudziwa. Bodza lachiwiri tsiku limodzi.

Lachitatu, 12 Juni

Tsiku lachitatu osadya kwa ine. Kusamba amalola, kuvala amalola, poti sangachitire mwina. Koma maso kukhoma. Kale nyumba inali chete, koma chete wa anthu awiri. Uyu ndi wina.

Kuntchito ananditumiza kusitolo kukakonza malo a mabokosi atsopano. Pashelefu yapansi, mitolo iwiri yokutidwa masaka, chizindikiro changa chachoko. Masamba a mulu womwewo, aja ndinaika pambali mu Epulo poti sanade mokwanira. Akuda ndithu, koma mofiirira, ngati chikopa cha sofa yakale.

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinasolola limodzi, kuliwaza madzi, kulitambasula pabondo. Linatambasuka ngati khungu la mwana, osadandaula. Fungo la zipatso zouma. Ndinapita patebulo langa, m'dirowa munatsala atatu akuda bii aja, ndinasunga kuti ndiziwaona. Ndinawaza, kutambasula. Linang'ambika pamtsempha. Tsamba lachiwiri chimodzimodzi. Pamphuno, patali pang'ono, ndowa ya matewera ija.

Ndinakhala pansi pa simenti.

Akuda bii aja ndiwo a pakati pa mulu, opsa. Ofiirirawa ndi a m'mbali, amene moto sunawafike. Fodya wa m'kati mwa ndudu anachokera ku milu ina yakale, alibe mlandu. Mlandu ndi malaya. Ndipo malayawo ndinatola ndine, limodzilimodzi, ndi manja awa, ndikunyadira.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinkadziwa kuti tsamba likada kwambiri ndiye labwino kwambiri. Patebulo panga zinali choncho nthawi zonse. Mkulu wa kusitolo ndiye wandiuza lero chifukwa chake: "A Mphuno mulu ukatha ankatsala okha madzulo, kuchotsa opsa onse, mitolo isanapite kwa inu. Ankati akazi anga asavutike nazo maso." Ulendo uno panalibe wochotsa. Zinafika zosakanikirana, ine n'kuthamangira zokongola.

Sanandiuzepo. Ine ndinkawakalipira kuti amachedwa kuweruka, chakudya chimazizira.

Tsamba limodzi lofiirira ndinalikulunga m'kansalu konyowa, kubwera nalo. Ndinangoliika pa bulangete pafupi ndi dzanja lamanzere, n'kupita kukhitchini. Ndinasuzumira pakhomo. Anali atalitenga. Kulitambasula ndi chala pabondo, kuliunika pazenera, kuliika pamphuno. Sanalisiye. Alamu anafuna kulichotsa pobweretsa supu, anafumbata.

Ine sanandiyang'anebe.

Lachisanu, 14 Juni

Dzulo ndinaulula. Sindinalembe.

Ndinalowa mu ofesi osaitanidwa, masamba awiri m'manja, lakuda ndi lofiirira. Ndinawatambasula pa desiki, lakuda linang'ambika pamaso pawo. Ndinati a Mphuno anaiphwanya ndudu ija m'mbale, pakati, pomwe ananena a Fomu. Ndinati ndinanama. Ndinati malaya opsa ndinasankha ndine.

Abwana anayang'ana masamba awiri aja. Kenako: "Mukanandiuza Lolemba ndikanakuthokozani, mayi. Lero ndingoti ndamva." Anaitanitsa a Fomu. A Fomu ananunkhiza tsamba lofiirira, anaotcha kachidutswa ndi machesi, kununkhizanso. Anati akuona ngati lili bwino, koma tsamba silinena zonse lisanavale ndudu. Pafunika kukulunga zoyesa, zigone masabata atatu.

Ndinawapepesa a Fomu pakhonde la ofesi. Anati, "Lilime ndinali nditapita nalo kale kuchipatala, akuti lili bwino." Anaseka pang'ono. Anapempha kuti zoyesazo zikakhwima abwere kunyumba, asute iwo, a Mphuno amve. Ndinati alamu akakuthamangitsani ndi tsache. Anati adzabwera ndi chipewa cholimba.

Lero makina ayamba m'mawa. Ali kuseri kwa khoma la tebulo langa. Tsiku lonse kumva akutafuna. A Wayilesi sanalankhule mpaka nthawi ya tiyi, koyamba chiwadziwireni. Kenako anangoti, "Zinali zokongola komabe," n'kundikankhira buledi wawo.

Malamba afika masana, bokosi lathunthu. Ndinaona kamodzi kokha pamene abwana ankatsegula. Golide wake wowala. Analitseka n'kulikankhira pansi pa desiki.

Mitolo iwiri ija ikwanira mabokosi ochepa. Ndipo ogula anauzidwa zakuda bii, osati zofiirira.

Madzulo ano ndawauza bambo zonse, ali chitembenukire kukhoma. Ndinati ndaulula, zakuda zija zaduladulidwa, masamba a m'mbali akulungidwa Lolemba. Sanatembenuke. Supu anamwa masupuni awiri kwa ine, pofika yachitatu anatseka pakamwa. Alamu anamaliza.

Zoyesa zikhwima pa 8 Julayi. Ogula abwera pa 28 Juni. Ngati angadikire, sindikudziwa. Ngati dzina la bambo lidzalembedwe pa ndudu iliyonse, abwana sananene, ndipo sindinafunse.